Akunyoza Festus pa Fesibuku

Pa siteji ya Malomo, mtsikana wina ankangoyang'ana foni yake podikira minibasi. Mayi amene anakhala naye pa benchi ndi amene anayamba kulankhula.

"Mwakwinya nkhope chonchi, foniyo yakulakwirani chiyani, achemwali?"

"Akunyoza bwenzi langa pa Fesibuku, amayi. Festus anasewera filimu ngati mwamuna womenya mkazi. Ndiye anthu akuti palibe angasewere bwino choncho ngati sanamenyepo munthu. Amalume awerenga zimenezo, akuti chinkhoswe chathu chiyambe chaima."

"Omuikira kumbuyo palibe?"

"Alipo. Akuti ndi Festus yemweyo amene amalankhula mawu a kamwana ka mbuzi mu katuni ija ana amaikonda, ndiye munthu wankhanza sangalire momvetsa chisoni choncho. Mpaka pano akukanganabe."

"Nanga inuyo muli mbali iti?"

"Ine ndimamukonda. Koma dzulo ndinaoneranso filimuyo ndili ndekha. Atakweza dzanja, ndinangozindikira ndabisa nkhope."

"Wanga sanasewerepo filimu. Ankaimba kwaya ku tchalitchi, koma dzino mukuona palibeli anagulula ndi iyeyo. Za pa foni zisiyeni. Pitani kwawo mukaone ana a mlongo wake akamva kuti wafika. Ngati amamuthamangira kapena amakabisala kuseri kwa nkhokwe, mukadziwira pomwepo."

"Kwawo ku Chisepo sananditengereko. Ndikamufunsa amangoti msewu ndi woipa, kuli matope."

"Mvula inaleka kalekale, mwanawe. Msewuwo unauma."