Jombo Imodzi ya Kumanzere

Lachinayi m'mawa, bambo wina wotsegula ngalande za khonsolo analowa mu ofesi yoona za umoyo ndi chitetezo cha ogwira ntchito, phazi lamanja lili mu jombo, lamanzere atalikulunga thaulo n'kulimanga ndi chingwe cha mphira. Kalaliki wa mu ofesimo anali mwana wa mlongo wake, mtsikana amene chiyambire ntchito sanalembepo pa fomu mawu amene munthu sanawanene.

"Takulandirani, amalume. Mwavulala?"

"Ndani?"

"Inuyo."

"Aaa, iwe! Zaka 26 ndili m'ngalande, unamvapo kuti ndavulala?" Amalume anakhala pa benchi pang'onopang'ono, mwendo uli chiwongolere. "Ndikufuna jombo. Imodzi. Ya kumanzere. Saizi 11."

Kalaliki anatsegula faelo. "Muno munalembetsa saizi 8."

"Lakumanja likadali 8."

"Jombo amapereka kosungira katundu."

"Ndachokera komweko. Akuti amapereka mu Januwale, ziwiriziwiri. Wofuna pakati pa chaka abwere ndi pepala lako."

"Pepala langa ndi la ngozi."

"Ndipatse lopanda ngozi."

Kalaliki anasanthula pa tebulo. "Lopanda ngozi latsala la tchuthi cha uchembere."

Amalume anayang'ana kudenga. "Bweretsa la ngozilo. Koma mawu akuti ngoziwo uwaphimbe."

Kalaliki anawaphimba ndi chala, n'kutenga cholembera.

"Funso loyamba. Chinachitika n'chiyani?"

"Phazi lakula."

Analemba. "Lakula liti?"

"Lolemba, cha m'ma teni."

"Muli ndi zaka 58, amalume."

"Ena timachedwa kukula."

Analembanso. "Linakula muli kuti?"

"Pa mphambano ya kumsika, pomwe pamasefukira madzi paja."

"Mukutani?"

"Nditaima."

"Basi?"

"Nditaima ndi chivundikiro cha ngalande m'manja."

"Chachitsulo chija?"

"Unachionapo chathonje?"

"Ndiye chinakugwerani."

"Ho! Zogwa wanena ndani? Chinatsika."

"Chinatsikira pati?"

"Pansi."

"Phazi linali kuti?"

"Pansi pomwepo. Phazi limakhalanso kuti?"

"Ndiye chinatsikira pa phazi."

Amalume anakanda kuchibwano. "Tingoti zinakumana."

Kalaliki analemba, n'kuwerenga mokweza. "'Chivundikiro ndi phazi zinakumana Lolemba cha m'ma teni.' Panali mboni pa kukumanaku?"

"Anzanga awiri, ndi mayi wina wogulitsa nthochi."

"Anati chiyani?"

"Mayiyo anakuwa. Mantha chabe."

"Inuyo?"

"Ine ndinayamba nyimbo."

"Mawu ake?"

"Anali amodzi."

"Ati?"

"'Mayo.'"

"Munaimba kangati?"

"Iwe, pali mzere wa zimenezo?"

"Pali mzere woti 'zina'." Anatembenuza fomu. "Munavala zodzitetezera?"

"Chipewa cholimba."

"Chinathandiza?"

"Mutu ukuuona wekha. Ulibe kanthu."

Kalaliki analemba kuti mutu ulibe kanthu.

"Fufuta zimenezo!"

"Mwanena nokha."

"Ndati ulibe bala!"

Anakonza. "Nanga ngowe zonyamulira zivundikiro?"

"Zinathyoka chaka chatha. Timanyamula ndi manja."

"Munanena?"

"Tinauza kapitawo. Anati zatsopano zimagulidwa wina akavulala."

"Ndipo wavulala alipo?"

"Palibe."

"Ndiye ngowe sizigulidwa."

"Ee, n'zomwe tikudabwa ifenso," anatero amalume.

Kalaliki analoza kabokosi ka pansi penipeni pa fomu. "Kwatsala pano. Asaine anamwino a kuchipatala chathu cha ogwira ntchito, ine ndidinde, mukatenge jombo."

"Kuchipatala sindipondako."

"Chitupa chanu cha kuchipatala chilipo?"

"Chili m'sutikesi, m'pulasitiki mwake. Chikadali chatsopano."

"Chimenecho amakuunikani nacho mafupa, amakupatsani mankhwala, ngakhale chikhakha amakuikani."

"N'chifukwa chake ndikuchisunga. Ndisachiwononge pa zinthu zazing'ono."

"Sichitha, amalume."

"Palibe chinthu cha khonsolo chomwe sichitha." Anasendera kutsogolo n'kutsitsa mawu. "Ukumudziwa Wamtali uja tinkagwira naye? Anapita kumeneko ndi bondo lokha. Anamulembera ntchito yopepuka. Ukudziwa komwe ali lero?"

"Ku zimbudzi za kumsika."

"Pakhomo, pa kampando! Munthu amene ankanyamula chivundikiro yekha, lero akung'amba mapepala n'kumafunsa akuluakulu anzake kuti, 'Yaikulu kapena yaing'ono?' Ine kwatsala zaka ziwiri kuti ndipume. Ndikufuna nditulukire m'ngalande ngati munthu."

"Ndilembe kuti mukufuna kutulukira m'ngalande?"

"Usalembe!"

Kalaliki anaika cholembera pansi. "Akazi anu kunyumba akudziwa?"

"Ndinawauza kuti khonsolo yayamba kugawa mathaulo."

"Thaulolo ndi lawo. Ndimaliona pa chingwe."

"N'chifukwa chake sakundilankhula. Ndipo amayi ako asamve. Mlongo wangayo akamva, pofika madzulo mpingo wonse uli pakhonde panga."

"Popanda anamwino sindidinda."

"Iwe, mwana iwe. Ndinakubereka kumsana kupita nawe kusikelo amayi ako akudwala. Unandisanzira m'khosi. Lero ukundimana chidindo?"

Kalaliki anatolanso cholembera. "Linali tsiku lanji?"

"Siya cholemberacho!"

Kunja kunadutsa galimoto ya zinyalala. Amalume anafuna kusuntha mwendo, koma anangoluma mano, thukuta lili kamukamu pamphumi.

"Mukumva kupweteka?"

"Ndikumva kutentha. Ofesi yako ilibe mphepo."

"Mukunjenjemera."

"Ndikumvanso kuzizira. Nanga n'kulakwa?"

Kalaliki anatsegula kabuku ka malamulo. "Ndime yachisanu. 'Wogwira ntchito akakana kupita kuchipatala, kalaliki aone yekha ndi kulemba zomwe waona.' Masulani. Ndiyeze ngati ndi 11 zoona."

"Ukayeza udinda?"

"Ndikayeza ndilemba."

Anakoka dirowa ya pamwamba ya kabati yachitsulo, n'kutulutsamo rula. Anagwada pansi pa dirowayo, patsogolo pa benchi. Amalume anamasula chingwe, akuyang'ana kukhoma ngati phazilo ndi la munthu wina. Thaulo linamatirira, ndipo anachita kulisenda.

Phazi linali bii ngati biringanya, likunyezimira. Zala ziwiri zinaloza kumene zinzake sizinaloze, ndipo chikhadabo cha chala chachikulu panalibe.

"Waona?" anatero amalume. "Mwina 12."

"Amalumeee!"

Kalaliki anadzambatuka, mutu n'kugunda ku ngodya ya dirowa ija, gu! Kabati yonse inalira. Anakhala pansi, rula ikadali m'manja, magazi akutsikira kuseri kwa khutu mpaka pa kolala.

Amalume anaiwala phazi. "Mwanawe! Ndiyang'ane! Ukundiona?"

"Ndikukuonani awiri."

"Gwira apa. Dinikiza." Anamupatsira thaulo lija.

Kalaliki analiyang'ana. "Limenelo ayi."

Amalume anamupatsa mpango wa m'thumba. Mtsikanayo anadinikiza pabala ndi dzanja limodzi, linalo n'kupapasa pa tebulo mpaka anapeza fomu yatsopano.

"Nthawi ili bwanji?"

"Ukutani?"

"Ndavulala. Ndikulemba." Analemba atakhala pansi pomwepo, pepala lili pabondo. "Mboni ndinu. Munati chiyani?"

"Ndinati mwanawe."

"Dirowa anasiya chitsegulire ndani?"

"Iweyo."

Analemba kuti iyeyo. Dontho la magazi linagwera pa fomu, iye n'kulizunguliza ndi cholembera, n'kulemba m'mbali kuti ndi lake.

"Iwe, siya mapepala, thamangira kuchipatala!"

"Sindingathe. Ndime yachisanu ndi chiwiri. 'Wovulala m'mutu asayende yekha. Apite ndi womuperekeza.'"

"Itana mnzako wa ofesi inayo."

"Onse ali ku msonkhano wa chitetezo. Atuluka thwelofu."

Amalume anayang'ana chitseko, anayang'ana magazi pa kolala, anayang'ananso phazi lawo. Anapumira m'mwamba. Kenako anagwira khoma, n'kudzuka ndi mwendo umodzi, nkhope itachita tsinya.

"Tiye. Koma timvane pompano. Wodwala ndiwe. Ine ndine gadiyani."

"Ndilembe?"

"Lemba. Ndi zilembo zazikulu."

Analemba, anadinda, n'kuimirira. Amalume anamukoleka dzanja paphewa, akuti kuti asagwe. Pofika pakhomo, thupi lawo lonse linali litatsamira pa mtsikanayo, phazi lili m'malere. Anayenda choncho m'khonde, wina atagwira mutu, wina akudumpha ngati khwangwala. Pa masitepe atatu otsikira panja anaima, amalume akupuma wefuwefu.

"Limba mtima, mwanawe. Ndakugwira."

"Ndakugwirani ndine, amalume."

"N'chimodzimodzi." Anatsika sitepe yoyamba, phazi n'kukhudza simenti pang'ono. Anatseka maso, n'kukoka mpweya. "Iwe."

"Ee?"

"Tikafika, uwauze anamwino ayambe aona gadiyaniyu. Sakuoneka bwino."