Sitima ya khonje ndi mpweya wa mwana wanga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse. Ine ndine wamanyazi, ndipo sukulu ndinalekera panjira, koma za tsiku limene mwana wanga Tadala anabanika ndi mphumu sindingazisunge ndekha.

Tinali titangofika kumene ku Nairobi. Bambo a kunyumba ankaphikira banja lina ku Spring Valley, ine n'kumatsala ku Umoja, Chiswahili osachidziwa. Tsiku lina masana m'chifuwa mwa mwana munayamba kulira ngati mluzu, milomo n'kumada. Ndinathamanga naye kukachipatala ka pafupi. Namwino analoza makina opumitsira ana akupukusa mutu, ndipo pa zonse zimene ananena ndinatolapo liwu limodzi: sitima. Mawu anandipulumuka m'Chichewa: "Sitima yake iti? Mwana akufa, inu mukunena za ulendo?"

Pabenchi panali bambo wina wokalamba, ndipo anatembenuka mwachangu.

"Mayi, kuno sitima ndi magetsi. Azima. Ndinu a kwathu?"

Anali a Gama, a ku Mulanje, amene anachoka kumudzi pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse osabwereranso. Panja panali galimoto ya mkamwini wawo, yodzaza kabichi wa ku Ngong. Tinakwera kumbuyo pamatumba, ulendo wa kuchipatala chachikulu. Ine ndinkangolira kuti mwana wanga afera pakabichi. A Gama anamutenga, anamukhazika choongoka atamutsamiritsa pachifuwa pawo, n'kuyamba kundiuza za sitima yeniyeni.

Anati inali ya amalonda, yonyamula khonje ndi tiyi kuchokera ku Mombasa, yadzimbiri, yoyenda pang'onopang'ono. Nkhondo itavuta, asilikali apanyanja anaitenga. Anaipaka utoto wotuwa, anafafaniza dzina lake, anakhoma mizinga pamene ankakwezera katundu. A Gama anawalemba ntchito m'sitimamo, n'kuwaika pansi, kothira malasha pamoto. Anthu ankaiseka kuti bulu wavala zankhondo. Koma sitima ina itamizidwa, imene inafika kudzapulumutsa anthu ndi yomweyi. Momwe munkagona khonje munagona anthu, atamwa mafuta ndi utsi, akupuma ngati Tadala. A Gama ankawatsamiritsa chimodzimodzi, ndipo ambiri anafika kumtunda amoyo. Nkhondo itatha anaizula mizinga, n'kubwereranso ku khonje wake, mpaka inakalamba n'kudulidwa zitsulo.

"Sinapangidwire zimenezo," anatero, "koma ndi imene inalipo."

Ndinayang'ana manja awo a zipsera za moto atagwira msana wa mwana wanga. Ndinaleka kulira. Manja amenewa Mulungu anawaphunzitsira pakati pa nyanja imene ine sindinaionepo, amayi anga asanabadwe, ndipo tsiku limeneli anawakhazika pabenchi ku Umoja.

Kuchipatala chachikulu magetsi analipo. Anamuveka Tadala chopumira, ndipo ine ndinkangopenya nthiti zake zikuleka kukokeka. Anagona. Podzuka anapempha madzi, n'kufunsa kuti agogo aja ali kuti.

A Gama anamwalira pasanapite nthawi yaitali. Dzina la sitimayo anandiuza, koma linali la Chingerezi chovuta ndipo linandithawa. Amene anaituma amalidziwa. Ndikuthokoza Yehova, chifukwa Tadala lero amathamanga ndi anzake mpaka ndimachita kumukalipira.

Inu amene mwapanikizika, pirirani, musaleke kupemphera. Mwina thandizo lanu linanyamuka kale inu musanabadwe, likungobwera pang'onopang'ono.