Malemu Armindo Makwinja ndi Mphezi ya pa Chiuta

Amene agona m'bokosimu ndi bambo Armindo Augusto Makwinja, omwe aja ankati kuyambira ku Chilwa mpaka ku Amaramba kulibe mwamuna wina amene anaima chilili, kuyang'anizana ndi mphezi, n'kuijambula, koma iwo okha. Ankati, "Ine mphezi imandidziwa. Ikandiona imayamba yakonza kolala, kenako n'kung'anima." Mawu amenewa tonse tinawamva, ena kakhumi, ena kazana, koma akazi awo, mayi Madalena, anawamva tsiku ndi tsiku kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Mbiriyi yalembedwa ndi msuweni wawo, choncho a kubanja musadabwe mukamva pena pakuluma. Malemuwa ndiwo analamula kuti ikhale yotero, ndipo anasiya envulopu yoti itsegulidwe kumapeto, yonena za chithunzi chimene dzina lawo lonse linatsamirapo. Tifikako.

Bambo Makwinja anabadwa m'chaka cha 1958 kufupi ndi Entre Lagos, m'boma lino la Mecanhelas. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Sikola anayambira pa mishoni, ndipo mutu unali wakuthwa ndithu, koma analekezera kwarta kalasi, kalasi yachinayi. Tsiku lina purofesoro, mphunzitsi wawo, anasiya magalasi awo a m'maso patebulo n'kupita kuseri. A Armindo anawatenga, anatuluka nawo padzuwa, n'kuboola chipewa cha purofesoroyo ndi moto wa dzuwa. Atafunsidwa chifukwa, anayankha kuti amafuna kuona ngati dzuwa lonse lingakwane pamalo pochepa ngati kanjere ka mawere. Linakwanadi. Amene sanakwanenso pasikolapo ndi iwowo.

Ntchito anayambira pa sitesheni, kutsitsa matumba m'komboyo, sitima yapamtunda yochokera ku Nacala. Kumeneko n'kumene anaona makina ojambulira kwa mkulu wina wogwira ntchito m'komboyomo, ndipo anawasinthanitsa ndi mbuzi. Mbuziyo inali ya amayi awo, ndipo amayiwo anamva nkhaniyi mbuzi ili kale ku Cuamba. Zithunzi zoyamba zitabwera, banja lonse linasonkhana kuti lidzione. Munalibe nkhope ya munthu ngakhale imodzi, mitambo yokhayokha. Amayi awo anaziyang'ana chimodzichimodzi, n'kungoti mbuzi yawo inapita kumwamba isanafe.

Mu 1982 anamanga banja ndi mayi Madalena João, mwana wa msodzi wa kugombe la nyanja ya Chiuta. Kafunsiridwe kake kanali kotere: anawapeza akuyanika makumba pathandala, n'kuwapempha kuti anyamule nsomba imodzi ailozetse kudzuwa, awajambule. Mayi anathamangira kunyumba kukavala kapulana yatsopano, chitenje chosavalidwapo. Chithunzi chitatuluka, munali mamba a nsomba akuwala mitundu isanu ndi iwiri ngati utawaleza, ndi chala chimodzi cha mayi Madalena m'mphepete. Mayi anavomerabe kukwatiwa nawo. Tinawachenjeza ife, sanamve. M'banjamo munali lamulo limodzi lokha, loti munthu wina asagwire makina. Malemuwa ankati manja ozolowera mchere ndi nsomba asayandikire galasi lawo.

Nkhondo itafika kuno mu 1986, banjali linathawira ku Malawi kudzera pa Nayuchi. Anthu ananyamula mbewu ndi mabulangete, iwo ananyamula makina, atakulungidwa m'kapulana ija. Kumeneko anaika m'manda mwana wawo woyamba, João, ndipo nkhani imeneyo ndi yokhayo imene a Armindo sankaikamba moseka. Anapeza ganyu m'sitolo yotsuka zithunzi ku Liwonde, naphunzira mankhwala ake ndi kagwiridwe ka m'chipinda chamdima. Mwini sitoloyo anali ndi buku lakale lonena za mitambo, kuwala ndi mphepo. Analiwerenga mpaka zikuto zinathothoka, ndipo pobwerera kuno mu 1994 bukulo linabwera nawo. Sitikudziwa ngati mwini wake anatsanzikidwa.

Atabwerera, chakudya cha ana chinkachokera ku zithunzi za pa bilyeti, chiphaso cha boma chija, ndi za maukwati. Ambiri muli pano nkhope zanu zili m'matumba mwanu chifukwa cha iwo, ndipo ngati simukuzikonda, mlandu si wawo. Koma mtima wawo unali kwina. Ankagona chafufumimba m'dambo kujambula mame pa ulusi wa kangaude. Ankathamangitsa kamvuluvulu pa njinga. Chaka chimene madzi anaphwa, asodzi akulira, iwo anatha sabata akujambula ming'alu ya matope, n'kumatiuza kuti tiyang'ane bwino, ming'aluyo ikufanana ndi mitsempha ya tsamba la fodya, ikufanananso ndi mizere ya m'manja mwathu. Ankati amene analemba zonsezi ndi mmodzi, dzanja lake silisintha. Tinkawaseka, koma tikafika kunyumba tinkadziyang'ana m'manja.

Mnzawo wapamtima anali che Nasoro, msodzi, ali apowo atsamira mtengo. Pa ukwati wa Hajira, mwana wa che Nasoro, a Armindo ndiwo anali wojambula. Mwatsoka tsiku limenelo dzuwa linazunguliridwa ndi mkombero waukulu wa mitundumitundu. Rolo ya filimu inali ya zithunzi makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Ziwiri zokha n'zimene zinagwera akwati, ndipo pa chimodzi mkwati anali atatsinzina. Che Nasoro anakhala miyezi itatu osawapatsa moni. Lero mukalowa m'nyumba mwawo, mkombero uja ndi umene uli pakhoma, ndipo alendo amauzidwa kuti ndi chithunzi cha ukwati wa Hajira.

Tsopano tafika pa Januwale wa 1999. Monga ankafotokozera eni ake, kunali masana, mtambo wakuda bii ukuchokera ku Amaramba. Asodzi onse anakokera mabwato kumtunda, kuwavundikira, n'kuthawa. A Armindo anaimika makina pa miyendo itatu ya nsungwi imene anapanga okha, naima pagombe ngati mtengo wa mgwalangwa. Mphezi yoyamba inagwa pafupi kwambiri moti inawavula nsapato imodzi, koma iwo osasuntha. Yachiwiri itatsika, anadinda. Chithunzicho mukuchidziwa: mphezi ya nthambi zitatu ikumwa madzi pakati pa nyanja, madziwo ali mbee ngati ufa, bango lonse litawerama mbali imodzi. Bambo padiri wina anachitengera ku Lichinga, kenako chinakapachikidwa ku Maputo, anthu ovala masuti akuchiyang'ana atagwira chibwano. Asodzi anawapatsa dzina loti Che Mphezi, ndipo dzina la Armindo linatsala pa bilyeti pokha.

Panali tinthu tiwiri timene tinkatidabwitsa. Koyamba, zithunzi zawo zonse zinali zotambalala, koma ichi chokha chinali chachitali ndi chopyapyala. Tikafunsa ankati, "Munaionapo mphezi yonenepa inu?" Kachiwiri, nthawi iliyonse akayamba nkhaniyi, mayi Madalena ankagwidwa ndi chifuwa. Akafika poti sanasunthe, mayi ankatsokomola mpaka kutuluka panja. Chifuwa chimenechi anapita nacho kuchipatala kawiri, osapezeka ndi kanthu. Che Nasoro nawo akamva nkhaniyi ankangofunsa kuti, "Nanga nsapato ija inapezeka potani, achimwene?" A Armindo ankasintha nkhani n'kuyamba kufunsa za mtengo wa matemba.

Tisawachepetse, diso anali nalo. Pa kadamsana wa 2001, mudzi wonse ukuyang'ana kumwamba ndi magalasi opaka mwaye, iwo okha anafulatira dzuwa n'kugwada pansi pa mtengo wa mango. Tinkati tsopano mutu wapita. Koma pansipo, paliponse pamene kuwala kunadutsa m'masamba, panali kadzuwa kakang'ono kolumidwa mbali imodzi, mazanamazana, pamchenga, pa lichero, pamsana pa nkhuku. Tonsefe tinaona kadamsana mmodzi, maso n'kuwawa sabata yonse. Iwo anabwera naye kunyumba wokwanira mudzi.

Ku tchalitchi anali Mkatolika wokhulupirika. Analowa kwaya, koma patatha masabata awiri akuluakulu anawapempha mwaulemu kuti luso lawo likathandize poimba belu. Analiimba zaka makumi awiri osachedwapo. Vuto linali nthawi ya dzinja: kunja kukangogunda, mpando wawo unkapezeka wopanda munthu ulaliki uli pakati. Bambo padiri atawadzudzula, anayankha kuti sanathawe mawu a Mulungu, anangopita kukawamva kwa Mwini wake.

Mu 2022 anapezeka ndi matenda a shuga, ndipo maso anayamba kuchita chifunga. Makina anawaika m'bokosi. Ankakhala pakhonde, mayi Madalena n'kumawafotokozera za kumwamba: mtambo uli pati, wakuda kumunsi kapena pamwamba, kuwala kwaulowa mbali iti, nanga pamadzi pakuoneka bwanji. Ankamvetsera ali chete, chinthu chimene sitinachionepo. Tsiku lina anauza msuweni wawo kuti, "Asuweni, mayiwa amaona bwino kuposa ine." Msuweniyo anayankha kuti akanamaona bwino sakanakwatiwa nawo. A Armindo anaseka, koma osati kwambiri.

Chaka chino kunabwera kalata yochokera kwa anthu a ku Maputo amene akusonkhanitsa buku la zithunzi za chilengedwe cha ku Niassa. Ankafuna mphezi ija ikhale pachikuto, ndipo ankangopempha kuti atsimikize dzina loti lilembedwe pansi pake. Tinkayembekeza kuti boma lonse ligontha makutu. Koma munthu amene sanasowepo mawu anasunga kalatayo pansi pa pilo miyezi inayi osaiyankha. Atagonekedwa m'chipatala ku Cuamba mwezi watha, anatuma mwana wawo Neide kuti akatenge kachitini ka mafilimu akale kamene kankakhala kudenga, n'kumuuza filimu yoti akatsukitse, yonse, osadula. Kenako anayankha kalata ija. Anatisiya Lachiwiri pa 11 Novembala 2025, masana, mvula yoyamba ikugwa, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi ziwiri.

Asiya akazi awo, mayi Madalena João. Asiya ana atatu, Edgar, Neide ndi Sabrina, zidzukulu zisanu ndi zinayi, mchemwali wawo mmodzi, asuweni osawerengeka, ndi che Nasoro, amene tsopano alibe womufunsa za nsapato.

Envulopu ija ndi iyi. Muli chithunzi ndi kakalata, ndipo kakalatako kakuti: "Asuweni, muwerenge mokweza, a kumbuyo amve. Manyazi sindichita, ndikhala nditagona. Mphezi yoyamba itagunda ndinathawa. Ndinalowa pansi pa bwato la Nasoro. Madalena anali atabwera kudzaanula nsomba, anaona makina akufuna kugwa ndi mphepo, anawagwira, anasuzumira pagalasi, anadikira, n'kudinda. Si ngozi, anadikira ndithu, ine ndinkamuonera pansi pa bwato. Chithunzicho ndinachidula ndi lumo ku Liwonde, komwe ndinakachitsukitsa. Filimu ndinalephera kuidula. Sanandiululepo ngakhale tsiku limodzi, ngakhale titayambana. A ku Maputo ndawauza dzina loti alembe."

Chithunzicho a Edgar achiyendetsa, mugwire m'mphepete. Mphezi ndi yomwe ija, nthambi zitatu, ikumwa madzi. Koma tsopano n'chotambalala ngati zinzake. Kudzanja lamanja kuli bwato lovundikira, ndipo pansi pake patulukira miyendo iwiri, phazi limodzi lovala, lina lopanda kanthu. Nsapato inayo ili pamchenga, mapazi khumi kumbuyo, yaloza kunyanja, mwini wake ataloza kumtunda. Bukulo lituluka chaka chamawa, chithunzi chonse pachikuto, miyendo yomwe, ndipo pansi pake padzalembedwa kuti Madalena João.

Mayi, chifuwa chija chithe tsopano.

Che Mphezi, bambo Armindo Augusto Makwinja, apumule mu mtendere, kumene kulibe chowathamangitsa.