Ndinatsuka kompyuta ngati injini ya boti

Awailesi, mundiwerengereko iyi. Ndine msodzi wa ku Liwaladzi. Mlongo wanga, yemwe ankagwira ntchito ku Lilongwe, atamwalira anasiyira mwana wake kompyuta yakale. Magemu omwe mwanayo ankasewera pakompyutapo ankangoimaima.

"Amalume, akuti tiigulire memore yowonjezera kuti izithamanga. Yakale si yodula," anandipempha mwanayo.

"Ndi fumbi basi," ndinamudula.

Injini ya boti ikamatsokomola ndimaitsuka ndi petulo. Ndinamasula kompyutayo n'kuitsuka chimodzimodzi. Titaliza jenereta n'kuyatsa kompyutayo, m'kati mwake munatuluka utsi.

Mwanayo sanalire. Anangoti, "Amalume, zithunzi za amayi zinali momwemo."

Ndinapita nayo kwa wokonza ku Lilongwe, koma sanapulumutse chilichonse. Zithunzi zina za malemuyo tilibe.

Mpaka lero mwanayo amandipatsa moni mwaulemu. Koma sanandipemphenso kanthu.