Mayi Vainess Kachingwe, Amene Ankadikira Mwezi wa Meyi

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1961 ku Ntcheu. Izi anandiuza okha m'sitima ya ku Hamilton tsiku limene tinadziwana. Ine ndine Laban Chikafa, woyendayenda chabe, osati mbale wawo. Abale akumudzi sanapeze ziphaso zolowera m'dziko lino, ndiye ana andipempha kuti ndiime pano.

Sukulu analekezera Fomu 2. Mu 1983 anakwatiwa ndi Bambo Medson Kachingwe, amene anatisiya mu 1999. Kuno anafika mu 2003 n'kuyamba ntchito yosamalira okalamba.

Mu 2011, ku Oakville, ankasamalira Bambo Eugene, mlimi wakale wochokera ku Ireland. Nkhalambayo maso anali atafa, koma udzu wa kuseri kwa nyumba inkauzindikira pongoukhudza. Ndiyo inawaphunzitsa za netulo, masamba oyabwa ngati chitedze. Inkati kwawoko munthu akadya ndiwo zake katatu m'mwezi wa Meyi, chaka chonse sadwala. Kuyambira pamenepo malemu sanaphonyepo chaka. Ambiri muno anakudyetsani, ngakhale ena munkang'ung'udza kuti bola bonongwe.

Mu Novembala 2023 anawapeza ndi khansa ya chiwindi. Chipatala sanachinyoze, mankhwala ankamwa onse. Koma pempho lawo linali limodzi: tingowafikitsa mu Meyi.

Pa 27 Epulo chaka chino madokotala anatiuza kuti kwatsala masiku ochepa. Ine ndi mwana wawo Cynthia tinathamangira kumtsinje. Netuloyo anali atangophuka kumene. Tinathyola mpaka manja kutupa, tinaphika, tinapita nazo. Iwo anafunsa tsiku, kenako anakankha mbale, amvekere nthawi yake sinakwane. Tinawachonderera. Tinaganizako zowanamiza, koma masiku ankawerenga okha. Anamwalira pa 29 Epulo, mbaleyo ikadali mufiriji.

Asiya ana awiri, Cynthia ndi Tony, zidzukulu zitatu, ndi mchemwali wawo ku Ntcheu amene akutionera pafoni. Tikuthokoza anamwino, amayi a mpingo, ndi abale a ku Zambia amene munasinthana nafe podwazika.

Kunena zoona, ine ndikukayika ngati masambawo akanawachiritsa. Komanso sindingalumbire kuti sakanatero. Lero tili mu Meyi, ndipo pobwera kuno ndaona netulo ali mbwee m'mbali mwa msewu.

Mayi Kachingwe, usani mumtendere.