Majekete Amene Anachita Chuku ku Parow

Abale ndi alongo amene mumanditsatira pano, landirani moni m'dzina la Ambuye. Ine ndine Esinati, kwathu ndi ku Dedza, koma ndimakhala ku Parow muno mu Cape Town. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene mvula inandiwonongera katundu yense, ndi mmene Mulungu anandithyolera matama pondipulumutsa.

Ntchito ya mtima wanga ndi kujambula zithunzi ndi penti. Koma chithunzi sichidyedwa. Abwana amene ndinkawagwirira ntchito ya m'nyumba ku Brackenfell atasamukira kunja, ndinayamba kuyenda m'masitolo a zovala zakale, kusankha majekete a jinzi, madiresi ndi zikwama zamakedzana. Ndinkachapa, kusita, kujambula pa foni n'kuika pa intaneti. Kwathu timangoti kaunjika, sitimupatsa ulemu. Kuno alipo anthu andalama amene amalimbirana jekete yoti mwini wake anamwalira kalekale, bola ikhale yakale. Ndinkawaseka mumtima, koma ndalama zawozo ndi zimene zinkandigulira penti ndi kundisunga m'nyumba.

Amayi a ku tchalitchi chathu cha kuno ankandinyoza poyera. Mmodzi, amene amatsogolera nyimbo, anandifunsa pa gulu kuti, "Achemwali, ulendo wonse wa pa basi uja, munabwerera kudzatola masanza a azungu?" Anzake anafa ndi phwete. Awa ndi anthu oti Lamlungu manja ali m'mwamba, Lolemba lilime lili ngati lumo. Ena mwa iwo, diresi imene ankanyadira anaigula kwa ine mobisa, atandilembera uthenga kuti ndisauze munthu.

Koma nanenso ndinali ndi wanga womunyoza. Khomo loyandikana ndi langa ndi la Che Saidi, telala wachikulire wa ku Mangochi, Msilamu. Makina awo ankalira tsiku lonse, kupinda mathalauza a anthu. Ine ndinkadziona ngati waluso weniweni, iwo ngati munthu wa zigamba chabe. Akandipatsa moni ndinkayankhira m'mphuno.

Mvula ya mu Juni itayamba, ndinali ku Joe Slovo Park kosamalira msuweni wanga amene anali atangobereka kumene. Ndinakhalako masabata awiri. Pobwerera ndinapeza denga litadontha pakona pomwe ndinkaunjika katundu. Majekete onse anali atachita chuku, madontho akuda paliponse. Zithunzi zimene ndinavutika nazo miyezi yambiri zinali zitafufuma, penti ikusendeka ndikangokhudza. Mwini nyumba anabwera manja ali m'thumba n'kunena kuti denga lake silidontha, mwina ndinasiya zenera. Ankayankhula zimenezi mtambo ukuoneka pa bowo pamwamba pa mutu wake.

Ndinachapa kangapo koma madontho sanachoke. Nditapempha amayi aja kuti andipempherere, anandiyankha kuti mwina Mulungu akundiuza ndipeze ntchito yeniyeni. Ndinafooka. Ndinagwada pa simenti yonyowa ija, ndipo mawu okoma ndinalibe. Ndinangoti, Ambuye, ngati manja awa munandipatsa ndinu, ndionetseni chochita nawo, apo ayi ndibwerere kwathu ndikalime mbatata.

M'mawa mwake ndinalongedza majekete aja m'matumba kuti ndikataye. Che Saidi anandiimitsa pa geti.

"Mama, zonsezi mukataya?"

"Zawola," ndinayankha osawayang'ana.

Anatulutsa imodzi n'kuyendetsa chala pa msoko. "Nsalu iyi ikadali ndi moyo. Powola ndidula ine. Pamadontho apa, si inu mumadziwa penti?"

Manyazi anandigwira mpaka ndinasowa poyang'ana. Munthu amene sindinamufunsepo n'komwe kuti wadzuka bwanji anasiya mathalauza a makasitomala ake n'kukhala pa makina masiku anayi, kusintha makolala ndi kulimbitsa misoko. Anakana kulandira kanthu ndisanagulitse. Ine ndinapeza penti ya pa nsalu, ndinayamba kujambula pamsana pa jekete iliyonse. Ina ndinaika phiri la Dedza, ina minibasi yodzaza mpaka pakhomo, ina nkhope ya mayi anga ali pa msika.

Nditawaika pa intaneti, yoyamba inapita tsiku lomwelo. Mayi wina amene ali ndi malo omwera khofi m'tauni anagula awiri, kenako anandifunsa ngati ndimajambulanso zopachika pa khoma. Ndinamuuza kuti zimene ndinali nazo zinawonongeka. Anati adikira. Lero zithunzi zanga zinayi zili pa khoma lake, dzina langa lili m'munsi mwake, ndipo majekete timapangira limodzi ndi Che Saidi, aliyense amatenga gawo lake. Nditapita kukawapepesa za khalidwe langa, anangoti, "Zatha izo, mama. Tagwirani nsaluyi ndidule."

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandiyankhe monga mwa mtima wanga. Inu amene mukunyozedwa chifukwa cha ntchito ya manja anu, pirirani. Wonyoza sadzakudyetsani, chuma chake chonse ndi pakamwa. Koma mukamapemphera, yang'ananinso amene inuyo mukumuyesa wachabe. Ine ndinkadikira mngelo wa mapiko, koma amene anatumidwa anabwera atakoleka tepi yoyezera m'khosi.