Tsiku Limene Ndinapulumutsa Chinangwa cha Apongozi

Kalekale ndithu, msewu wa ku Wimbe kuno uli fumbi lokhalokha, fodya tikumutumiza ku okushoni pa malole otsokomola ngati nkhalamba, ine Gelesomu ndinawolokapo nyanja. Eee, musandiyang'ane choncho! Manja asaime, sokani fodyayo, ine ndikufuna makutu okha. Iwe Tadala, ndakuona m'mawa ukuonetsa anzako zithunzi za mchenga pa foni, uti, "Onani malo abata, opanda munthu." Opanda munthu! Nanga wajambulayo ndi mbuzi? Masiku ano malo mumawapeza ndi chala, koma ine malo otere ndinawapeza ndi mapazi angawa, ndipo pang'onong'ono akanandidyera banja.

Agogo anu a Malita, aja akusankha fodya uko akunamizira kusamva, kwawo ndi ku chilumba cha Likoma. Anabwera kuno kudzakhala ndi achimwene awo amene ankaphunzitsa pa sukulu yathuyi, ndipo ine nditangowaona pa mjigo ndinaiwala nazale osathirira mpaka mbande zinagona. Nditafunsira, aphunzitsi aja anakonza tayi, nati, "Ehem, Gelesomu, ine ndilibe mawu. Mawu ali ndi mayi, ndipo mayi anati munthu wa kumtunda, woopa madzi, sangatenge mwana wawo asanamuone ndi maso." Ine ndinagunda pachifuwa, ndati, "Madzi? Ine mtsinje wa Bua ndimauwoloka ndikuimba mluzu!" Sindinawauze kuti ndimauwoloka mu Okutobala, madzi akulekeza m'kakolo.

Fodya atagulidwa ndinagula nsapato zolira, jekete, ndi chipewa, ndipo tinakwera sitima ya pamadzi ine ndi Malita. Za m'sitimamo tisakambe. Ndingoti nsomba za m'njira yonse zinakhuta zimene ndinadya kuyambira ubwana wanga.

Tsono imvani vuto. Ife kuno tinaleredwa kuti mkamwini akakumana ndi apongozi panjira amapatukira kutchire, sawayang'ana kumaso. Inu a lero mumakwera nawo njinga yamoto imodzi, apongozi atakugwirani m'chiuno, koma nthawi yathu ulemu unali kuthawa. Koma chilumba, ana inu, ndi kamunda kozunguliridwa ndi madzi, njira iliyonse imakafika kwa apongozi! Ndikapita uku, awo akubwera ndi mtsuko, ine psiti kuseri kwa mlambe. Ndikabwerera uko, awo ndi nkhuni pamutu, ine gwaa m'munda. Ine ndinkati ndikuonetsa mwambo, osadziwa kuti iwo zikuwapweteka. Malita anabwera misozi ili m'maso, nati, "Mayi akuti mwamuna wako ngwakuba kapena? Bwanji akundithawa ngati ndanyamula mkondo? Ndipo amalume akuti mawa mupita nawo pa bwato kukavuula ukonde. Mukakaonetsa mantha, sitima ikabwera mukwera nokha."

Mawa! Ine amene dzulo lake ana pa doko la amuna anandiseka mpaka kugubuduzika, chifukwa ndinaima pamchenga ndikudzithira madzi ndi chitini monga timachitira kubafa. Kamwana kena kopanda ndi mano omwe kankafuula, "Akuithirira nazale! Akuithirira nazale!" Ndiye ndinati ayi, ndikasake doko langa lobisika, kopanda maso, ndikazolowerane ndi nyanjayi mwakachetechete, tikambirane ngati akuluakulu.

Ndinanyamuka tsiku lomwelo dzuwa litakwera, osauza munthu, ndipo paja amati safunsa anadya phula. Doko loyamba ndinapeza asodzi akusoka maukonde, onse kutembenuka, "Alamu, mwadza kudzathirira?" Ndinapitirira. Lachiwiri ndinangomva nthungululu ndi sopo kununkhira, ndadziwa kuti kuno nkwa amayi, ndinathawa chipewa chili kumaso mpaka kuwomba mtengo. Kenako ndinasiya njira ya anthu ndi kutsata ya mbuzi, kukwera miyala ikuluikulu ngati zigafa, nsapato zolira zija zikulira zenizeni tsopano, minga ikundisainira pa miyendo. Nditatsikira kuseri, aaa! Mchenga woyera mbee ngati ufa wa pa mphasa, miyala iwiri itautchinga uku ndi uku, madzi oti ukaponya singano ukuiona pansi, tinsomba ta buluu tikuyendayenda ngati tavala yunifolomu. Phokoso zii. Ndinavula jekete ndi buluku, ndatsala ndi kabudula wamkati, ndati, "Gelesomu, pano sipanapondepo munthu chilengedwere dziko."

Ndikuti ndilowe, mphuno yanga inagwira fungo lowawasa. Kuyang'ana m'mbali, m'madzi osaya, mwazunguliridwa ndi timiyala, ndipo m'katimo chinangwa chosenda bwinobwino, mulu wonse, chili chonyowa, chayamba kufewa! Inu mukudziwa mtima wa mlimi wa fodya. Ife chinyezi ndi mfiti. Dontho limodzi pa belo la fodya, chaka chonse chapita. Ndinagwira kumutu, ndati, "Kalanga ine, mafunde alanda chakudya cha eni ake, chikuola!" Mantha a madzi ndinawaiwala. Ndinayamba kuvuula, thamangathamanga, ndi kuyanika pa thanthwe, ndipo poti dzanja linazolowera, ndinachigiredi: zazikulu mzere wake, zapakati mzere wake, zoduka ndi zamawanga kumapeto ngati makata, fodya wotsika mtengo uja. Thanthwe lonse linaoneka ngati okushoni. Ndinaima manja m'chiuno ndikudziyamikira ndekha.

Pamenepo ndinamva kutsokomola kumbuyo. Kucheuka, apongozi! Dengu lili pamutu, ayima pa kanjira kokhako kotulukira. Kumanja mwala, kumanzere mwala, ine chovala ndi kabudula wamkati. Mwambo ukuti thawa, ndipo kothawira kunali kumodzi. Chubwi! Ndinalowa mpaka madzi m'khosi, ndafulatira, nsomba zonse kusamuka.

Iwo anatula dengu pang'onopang'ono, nakhala pa mwala, nati, "Ehee. Lero ndakupezani potsekeka. Thawani tione, Mozambiki ndi uko."

Ine, "Pepani mayi, ndi ulemu wa kwathu."

"Ulemu wa kwanu ngoonetsa nkhongo? Mwana wanga ndimupereke kwa nkhongo? Tembenukani." Ndinatembenuka, maso pa madzi. Kenako mawu awo anasintha, "Mayo! Chinangwa changa wavuula ndani?"

"Ndine, mayi. Chimaola. Ndachipulumutsa."

"Mwachi... chiyani?"

"Kwathu chinthu chikanyowa timathamanga nacho."

Ana inu, mayi aja anayang'ana mizere ija, nayang'ana mutu wanga uli pamwamba pa madzi ngati chipanda, ndipo anaseka mpaka duku linagwa, mbalame zinauluka m'miyala, ndikhulupirira ndi ku Nkhotakota anamva. Akupukuta misozi anati, "Bambo inu, chinangwa ichi nchowawa. Timachiviika dala masiku angapo kuti ululu utuluke, ndiye tiyanike, tisinje ufa wa kondowole. Mukanatipha mudzi wonse ndi chifundo chanucho! Mukuona ngati doko lino lili zii chifukwa chiyani? Ndi la ine, ana amadziwa kuti akasewera pano alawa chikoti."

Anandiponyera buluku, nati bwezerani chonse. Ndipo masana onse tinagwira ntchito awiriwiri, iwo akuloza, ine ndikunyamula, akundifunsa za makolo anga, za munda, ngati ndimamwa, ngati fodya amadyedwa. Nditawauza kuti sadyedwa anagwedeza mutu, "Ndiye mumalima utsi?" Pofika pomaliza ndinali ndikuyenda m'madzi a m'chifuwa ndikuwayang'ana kumaso, ndikuwaseketsa ndi kayendedwe ka aphunzitsi, mwana wawo yemwe, ndi "ehem" wake uja.

Kunyumba amalume aja atayamba za bwato, mayi anakweza dzanja, nati, "Msiyeni uyu, angakumizireni bwato pofuna kupulumutsa nsomba kuti zanyowa. Ine ndamuona kale. Nzeru za nyanja alibe ndi pang'ono pomwe, koma munthu wovutikira chakudya cha mwini wake asakumudziwa, mwana wanga sakagona ndi njala." Sitima itabwera tinakwera awiri, ndi thumba la ufa wa kondowole pamwamba.

Ndiye iwe Tadala ndi anzako, pitani mukaone dziko, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo mchenga uja ulipodi, wokongola kuposa wa pa foniwo. Koma mukapeza malo ali zii, musafulumire kunena kuti mwawatulukira ndinu. Khalani pansi kaye, mununkhize, mufunse kuti pano mpa yani, chifukwa bata lililonse lili ndi mwini wake amene amalisamala. Ndipo kwa eni, chimene chikuoneka ngati chikuonongeka, manja m'thumba, pakamwa patsogolo.

Taonani mtambo uwo wadera ku Chisemphere! Dzukani, lowetsani mikangala ya fodyayo m'chigafa, msanga! Mwawamva agogo anu? Mpaka lero mvula ikangoti waa, iwo osadzuka n'komwe, amangoti, "Thamangani a Gelesomu, chinangwa chanyowa."